Foni yapita kunyanja

Lolemba lina m'mawa ndinalowa m'Fomu 3 ndili ndi mkwiyo wokonzeratu. Lachisanu madzulo ndinali nditaponya mafunso khumi a Biology pa gulu lathu la WhatsApp, n'kulemba pansi pake kuti aliyense abwere ndi mayankho. Makope amene anafika patebulo langa sanakwane ndi theka lomwe. Ndinayamba kuwaimiritsa anawo mmodzimmodzi. Nditafika pa mtsikana wina wokhala kutsogolo, mwana wosavuta, wa zilembo zooneka ngati zosindikiza, ndinamufunsa kuti nayenso ulesi wauyamba liti. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Sala, foni inapita kunyanja."

Kalasi yonse inafa nalo phwete, inenso ndinatsala pang'ono kuseka. Koma mwanayo sankachita nthabwala. Pakhomo pawo foni yotsegula WhatsApp ndi imodzi, ya achimwene ake, ndipo achimwenewo ndi msodzi wa usipa. Mwezi ukakhala mumdima amanyamuka dzuwa likamalowa, nyali m'bwato, foni atayikulunga m'jumbo kuti m'bandakucha aimbire ogula. Mlungu umenewo anali atatsatira usipa ku doko lina. Pa foni yanga zinkaonetsa kuti uthenga wafika ndipo wawerengedwa. Amene anauwerenga anali msodzi uja ali pakati pa nyanja, mwini homuweki ali kumtunda akusenda chinangwa cha kondowole.

Mkangano wa mafoni m'sukulu wasanduka wa magulu awiri ongokuwizana. Ena akuti masamba a mchezo aononga ana, tiwalande mafoniwo. Ena akuti dziko lapita patsogolo, mwana wosadziwa intaneti watsalira. Onsewa akukamba za mwana amene foni ali nayo. Nkhawa yanga ili pa amene alibe, chifukwa m'kalasi mwanga muno ku Nkhotakota ndiwo ambiri, ndipo amene tikuwatsekera kunja ndife aphunzitsi. Gulu la WhatsApp lasanduka chipinda china cha sukulu, chipinda cholowa okhawo amene alipira pakhomo.

Chipindachi sitinachimange mwadala. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, a kupulayimale anali ndi maphunziro a pawailesi, ife a m'ma CDSS (sekondale zoyendera) a kumudzi tinangogwira chimene chinali pafupi. Tinatolera manambala a makolo, a achimwene, a amalume, aliyense wokhala ndi foni yaikulu, n'kutsegula magulu. A Fomu 4 anabwerera m'kalasi pa 7 Sepitembala, enawo mu Okutobala, koma maguluwo palibe anawatseka. Sindikumbukira msonkhano wa PTA umene unakhala pansi n'kugwirizana kuti kuyambira lero homuweki izidzera pa foni. Zinangomera ngati namasupuni pamtsinje, ndipo lero tikuwoloka pomwepo ngati ndi mlatho.

Musandimve ngati wodana nazo. Sukulu yathu ilibe labotale. Maikulosikopu ilipo imodzi, ndipo imakhala mu ofesi ya ahedi ngati chikho cha mpira. Kwa zaka zambiri ndinkaphunzitsa za mtima pojambula pabolodi chinthu chooneka ngati bango la maboloma, n'kumaloza ndi choko kuti magazi amalowera apa, amatulukira apa. Ana ankalemba, ankaloweza, pamayeso n'kusokoneza zonse. Tsiku lina mnzanga wophunzitsa ku Salima anaponya pa gulu la aphunzitsi a sayansi kavidiyo ka mphindi ziwiri koonetsa mtima ukugunda, timavavu tikutseguka ndi kutseka. Ndinakaonetsa pa foni yanga yomweyi, ana akubwera asanuasanu kudzazungulira tebulo, wina atatchinga kuwala kwa pawindo ndi kope. Mnyamata wina amene bambo ake amagulitsa nyama ya mbuzi pamsika anafuula kuti, "Sala, timeneti ndimationa potumbula!" Phunziro limene linkanditengera mlungu wathunthu linalowa m'mitu m'periyodi imodzi, ndipo mawa lake mnyamata uja anabwera ndi mtima wa mbuzi m'kachigoba ka sopo kuti tiung'ambe.

Zabwino zina n'zosachita kufotokoza kwambiri. Mapepala a mayeso a MANEB a zaka zam'mbuyo, amene kale ankasungidwa ngati mankhwala m'sukulu zogonera pompo, lero amafika ngakhale ku sukulu yofoleredwa theka. Mwana wathu wakale amene ali ku LUANAR amayankha mafunso a Agriculture a azing'ono ake ali ku Bunda konko, ndipo amamumvera kuposa mmene amatimverera ife. Maina a osankhidwa kupita ku yunivesite, a bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE akangowatulutsa, amafika kumudzi tsiku lomwelo, pamene kale munthu ankakwera njinga kukasaka nyuzipepala kuboma. Madzi atasefukira ku Dwangwa kumapeto kwa Febuluwale 2024, msewu wa M5 utaduka, anzathu a kumeneko ankafunsana za ana awo kudzera pa magulu omwewa. Munthu amene anaona zonsezi sanganene kuti titseke basi.

Komabe taonani mmene tikuchitira. Lamulo la pasukulu pathu, monga m'sukulu zambiri, ndi lakuti mwana asapezeke ndi foni. Lolemba pa asembule timalalikira, wogwidwa foni yake imakagona m'kabati mpaka kholo libwere. Lamulolo ine ndimagwirizana nalo, chifukwa ndinayesapo kuphunzitsa ana maso ali pansi pa desiki. Koma madzulo ake mphunzitsi yemwe uja walanda foni m'mawa akuponya manotsi pa gulu, n'kuwonjezera kuti mawa kuli tesiti. Kwa mwana ndiye kuti foni ndi tchimo masana, usiku ndi buku. Ana chinyengo amachiona msanga, ndipo akachiona pa lamulo limodzi amayamba kukayikira enanso onse.

Za TikTok ndi Facebook kudya nthawi sindichulukitsapo gaga m'diwa. N'zoona. Mapulogalamu amenewa anapangidwa kuti munthu asawasiye, popeza eni ake amapeza ndalama pa zotsatsa malonda zimene timaonera tikamakhalitsapo. Mwana wa Fomu 2 sangapambane nkhondo imene akuluakulufe tikugonja, ndipo amene akutsutsa adzasuzumire m'chipinda cha aphunzitsi nthawi ya buleki. Kungoti mwana wowodzera m'periyodi yoyamba sanayambe lero. Kale ankawodzera chifukwa cha vidiyo sho ya pamsika, kapena chifukwa chokoka khoka usiku wonse. Vuto limeneli kholo ndi mphunzitsi amalidziwa, ndipo ali ndi polankhulira.

Chimene timachinong'ona ndi cha atsikana. Gulu la WhatsApp limaonetsa nambala ya aliyense kwa aliyense. Mtsikana akangolowa pa gulu lina lolonjeza mapointi 6 pa mayeso a MSCE, lodzaza ndi anthu mazana osadziwana, usiku womwewo amayamba kulandira moni kuchokera kwa abambo amene MSCE analemba iye asanabadwe. Ndi manyazi ndinene kuti ena mwa otumiza moni wa usikuwo amagwira choko ngati ine. Kale mphunzitsi wa mtima woipa ankafunika kumuitanira mwana kuofesi anthu akuona, lero amangolemba kuti "ubwere ku inbox ndikuthandize nambala 4". Chithunzi chimodzi chikatuluka chimazungulira sukulu yonse nsima yamasana isanapse, ndipo amene amasiya sukulu ndi mtsikanayo, wofalitsa uja akupitiriza kuphunzira. Lamulo lilipo. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kuzunza munthu pa intaneti ndi kufalitsa zolaula za ana, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Koma lamulo silingabweze chithunzi chimene chalowa kale m'mafoni makumi asanu.

Ndiye pali likasa. Kubera mayeso sikunabwere ndi WhatsApp, nafenso pa nthawi yathu analipo olowa m'holo ndi timapepala m'sokosi. Koma likasa la m'sokosi linkathera pa munthu mmodzi. Mu 2020 mapepala a MSCE anabedwa n'kuyamba kuyenda pa mafoni, mu Novembala boma linathetsa mayesowo ali mkati, ndipo ana onse m'dziko muno analembanso mu Januwale 2021. Ndimakumbukira nkhope za ana anga tsiku limene tinawauza. Ambiri mwa iwo analibe ndi foni yomwe yoonerapo pepala lobedwalo. Anawerenga ndi tochi, anadikira miyezi ya Covid, kenako analangidwa pamodzi ndi akuba. Ena amene makolo anali atawawerengera kale ntchito ya kumunda nyengo ya dzinja ija anachita kuchoka m'mpunga kubwerera m'holo.

Chimene chaka chimenecho chinasiya m'mitu ya ana ndi chikhulupiriro chakuti pepala limatuluka. Chaka chilichonse mwera ukayamba kuwomba, mayeso akamayandikira, magulu atsopano amabadwa ngati bowa. Munthu wopanda nkhope amalemba kuti ali ndi Mathematics Paper 2, tumizani ndalama pa nambala iyi. Mwana amagulitsa nkhuku ya amayi ake, kupita kwa ejenti, kutumiza. Chimene amalandira ndi pepala la mayeso oyeserera a chigawo china atangosintha chaka pamwamba, apo ayi salandira kanthu, nambala yazima. Sangakadandaule kwa ahedi kapena kupolisi chifukwa potero akudziulula yekha. Ndalama ya nkhuku ndi nkhani yaing'ono. Chimene chimandiwawa ndi milungu iwiri yomaliza, imene mwana akanabwereza mitu itatu kapena inayi, iye akuithera kudikira foni kuti ilire.

Palinso china chimene anthu a m'tauni sachiona. Mabandulo a WhatsApp ndi Facebook okha amatsika mtengo kuposa bandulo yotsegula intaneti yonse, choncho mwana wakumudzi amagula yotsikayo. Ndiye kuti intaneti yake yonse ndi zimene wina wamuponyera. Sangatsegule tsamba lina kuti aone ngati zimene wawerengazo n'zoona. Manotsi amayenda kuchoka pa gulu lina kupita pa lina, wolemba osadziwika, ena a silabasi ya ku Kenya, ena a ku Zambia, ena ongopeka. Chaka china ana anga ambiri analemba pa tesiti kuti likodzo munthu amalitenga podya nkhono. Nditafufuza ndinapeza kuti zinachokera mu PDF ina yooneka bwino, ya mitu yofiira, imene inali itazungulira. Awa ndi ana a m'mbali mwa nyanja, amene amalandira mankhwala a likodzo kusukulu, amene ndinawaphunzitsa ndekha kuti tizilombo totuluka m'nkhono za m'madzi timaboola khungu munthu akamasamba kapena kuchapa. Anakhulupirira PDF kuposa kope lawo chifukwa inali yotayipa.

Zonsezi ndi mavuto a mwana amene walowa m'chipinda chija. Tibwerere kwa amene ali panja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, foni yaikulu inathawiratu m'manja mwa mabanja ambiri. Imene ilipo pakhomo ndi ya ntchito. Imapita kunyanja, imapita kumunda wa nzimbe, imakwera lole ya usipa kupita ku Lilongwe n'kukagona konko masiku atatu. Ikabwera ilibe moto, iyenera kukatchajidwa pa okala ya sola, n'kulipira. Ikatchajidwa ilibe bandulo. Ndipo pakhomo pakakhala ana awiri, mnyamata ndi mtsikana, amene amabwerekedwa foni usiku ndi mnyamata, chifukwa kholo limaopa, ndipo malinga ndi zimene ndanena pamwambapa, silikulakwa kuopa. Mtsikana yemweyo amene m'mawa watunga madzi n'kufika mochedwa, ndi yemwenso madzulo sakuona zimene mphunzitsi waponya.

Kuipa kwake n'kwakuti mphunzitsi saona kuti wasiya munthu. Mwana akajomba, desiki yopanda munthu imaoneka. Koma ukaponya uthenga pa gulu, khumi n'kuyankha kuti "tamva sala", mumtima umati kalasi yamva. Khumi amenewo ndi ana a aphunzitsi anzako, a ogwira ntchito kuchipatala, a eni magolosale. Amakhoza tesiti, iwe n'kumati ndi anzeru, enawo ndi aulesi, monga ndinamunenera mtsikana uja. Mu 1994 dziko lino linachotsa fizi kupulayimale kuti mwana wa mmphawi alowe m'kalasi. Ife tabwezeretsa fizi ina mwakachetechete, yolipira kwa ogulitsa mayunitsi, ndipo palibe risiti.

Mnzanga wina wa m'chipinda cha aphunzitsi amati yankho n'losavuta, titengere ku Australia, kumene kuyambira Disembala 2025 ana osakwana zaka 16 saloledwa kukhala ndi akaunti pa masamba ngati TikTok, Facebook ndi Instagram. Ndimamumvetsa. Koma lamulo lotere limaganizira mwana wokhala ndi foni yakeyake ndi akaunti ya dzina lake. Kuno nambala inalembetsedwa ndi chiphaso cha amalume, akaunti ndi ya achimwene, mwana amangobwereka. Muletsa ndani? Komanso mwana wa ku Australia mukamulanda TikTok amatsala ndi laibulale ndi labotale. Wanga mukamutsekera zonse amatsala ndi bango langa lija la pabolodi.

Wina anandifunsa mbali inayo: ndiye tichedwetse ana amene ali ndi mafoni chifukwa cha amene alibe? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. Mwana wokhala ndi foni asake zonse zimene angathe, aonere mavidiyo, afunse anzake a ku Mzuzu ndi ku Zomba, palibe angamuletse ndipo ine ndimulimbikitsa. Chimene ndikukana n'chakuti sukulu yeniyeniyo, ndi dzanja la mphunzitsi wolipidwa ndi boma, igawe zinthu zofunika pamayeso kudzera pa khomo limene theka la kalasi silingalowe. Kusiyana kochokera kunyumba kulipo kale kokwanira, sukulu isawonjezerepo kwake.

Chitsanzo chabwino chili kupulayimale. Kuyambira 2023 boma, kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, lakhala likupereka matabuleti m'sukulu kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu. Zipangizozo ndi za sukulu, zimatchajidwa ndi sola pasukulu pompo, maphunziro ali m'kati momwemo, ndipo mwana wa msodzi ndi mwana wa sing'anga amakhala pamzere umodzi kudikira nthawi yawo. Mavuto ake aliponso, koma maganizo ake ndi olondola: chipangizo chikakhala cha kuphunzira, chikhale pamalo pamene mwana aliyense amafika. Kusekondale tachita zosemphana, tasiya kuti thumba la kholo lisankhe.

Ine podikira kuti akuluakulu a ku Capital Hill aganizepo, ndinasintha zanga. Kumanja kwa bolodi ndinadula mzere ndi choko, ndipo malo amenewo safufutidwa mpaka Lachisanu. Chilichonse chimene ndiponye pa gulu chimayamba chalembedwa pamenepo, ndipo tesiti siilengezedwa pa foni. Vidiyo ikakhala yabwino ndimaitsitsa ndi mayunitsi anga n'kuionetsa m'kalasi, asanuasanu muja. PDF iliyonse imene mwana wapeza kwina amayamba wandionetsa, ndipo ikakhala ndi bodza timaiwerenga tonse mokweza n'kulisaka bodzalo, zomwe zasanduka phunziro lokoma kuposa manotsi anga. Pa gulu tinaikapo madamu mmodzi ndi mayi wina wa m'komiti ya makolo ngati ma admin, ikakwana 8 koloko usiku amatseka kuti pasaponyedwe kanthu, ndipo tinagwirizana pamaso pa makolo kuti mphunzitsi salembera mwana payekha. Anzanga ena anang'ung'udza kuti ndikuwaganizira zoipa. Ntchito yandichulukira, choko chikutha msanga, ndipo Lachisanu ndimaweruka mochedwa podikira ochokera kutali amalize kukopera. Sizinathetse likasa, sizinathetse TikTok. Koma makope Lolemba amafika.

Mtsikana uja ndinamupepesa pamaso pa kalasi, chinthu chimene aphunzitsi sitichita kawirikawiri. Patapita milungu ingapo ndinakumana ndi achimwene ake padoko, ndikugula usipa wa ndiwo. Ndinawauza kuti ndikufuna kuwachotsa pa gulu kuti ma PDF athu asamawathere bandulo. Anapukuta manja pa kabudula n'kunena kuti, "Ayi aphunzitsi, musandichotse. Ine ndinalekera Fomu 2. Mafunso anu aja ndimawerenga tikamadikira usipa kuti ubwere pa nyali. Koma nambala 7 ija inandivuta, yoti n'chifukwa chiyani nsomba imafa ikatuluka m'madzi pamene mpweya kumtunda ndiye wambiri."

Ndinatola kambuzi kamodzi pa thandala, n'kutsegula m'mbali mwa mutu, kuwaonetsa tinthu tofiira timene nsomba imapumira. Ndinafotokoza kuti m'madzi timayandama motakasuka, tikatuluka timamatirirana n'kuuma, ndiye malo olowera mpweya amachepa. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kenako anandiyang'ana mokayika.

"Nanga mlamba bwanji, aphunzitsi? Uja umakhala m'bwato kuyambira usiku mpaka kumsika ukupumabe."

Ndinawauza kuti mlamba uli ndi chiwalo china m'mutu chotha kukoka mpweya wa kumtunda. Anati adzaung'amba aone okha, ndipo akapeza kuti ndanama adzalemba pa gulu anthu onse aone. Anandiwonjezera usipa wodzaza dzanja pamwamba pa mulu umene ndinagula, n'kutembenuka kukayankha foni, ogula a ku Lilongwe anali akuimba.